Alovera pakhungu lopsa ndi dzuwa: kadulidwe, kapakidwe ndi pamene mphamvu yake imathera

Mwezi wa Okutobala ukafika, mumzinda wa Tete kutentha kumapitirira madigiri 40 masiku ambiri, moti ngakhale kugwira chitseko cha minibasi ya chapa masana kumafuna kulimba mtima. Ife a kumtunda kuno ku Angónia ndi ku Tsangano timadzitama kuti kwathu n'kozizira. N'zoona, koma kuzizirako n'kumene kumatipusitsa. Khungu limapsa ndi kuwala kwina kosaoneka kochokera kudzuwa, kumene azaumoyo amakutchula kuti UV, ndipo kuwalaku kumawonjezeka ndi pafupifupi 10 peresenti pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera. Ulónguè ali pamwamba kupitirira mamita 1,000, pamene mzinda wa Tete uli m'chigwa cha Zambezi. Choncho munthu angathe kupsa akupalira mbatatesi, kamphepo kayeziyezi kakuwomba, kumwamba kuli timitambo, iye osamva kutentha n'komwe.

Kumayambiriro kwa Novembala, kenanso kumayambiriro kwa Febuluwale, dzuwa limadutsa pamutu penipeni m'chigawo chino, ndipo mukaima pabwalo masana chithunzithunzi chanu chimathera pamapazi. Nyengo imeneyi anthu amakhala kumunda kubzala ndi kupalira, ena akuyanika kapenta ku Cahora Bassa, amayi ena akugulitsa tomato ndi anyezi m'mbali mwa msewu wa ku Zóbuè kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Ambiri amati munthu wakuda sapsa ndi dzuwa. Amapsa, kungoti mochedwa, ndipo kufiira kwake sikuoneka msanga. Mudzazindikira ndi kugwira: khungu limatentha, limakokana, malaya akakhudza limawawa, ndipo patapita masiku limayamba kusendeka. Koma alipo amene dzuwa limawazunza kuposa ena onse. Oyamba ndi abale athu achialubino, amene khungu lawo lingapse pa mphindi zochepa chabe. Kenako ana aang'ono. Kenako amene amadzola mafuta oyeretsa khungu, chifukwa mafutawo amachotsa chitetezo chimene munthu anabadwa nacho. Palinso amene akumwa mankhwala ena monga doxycycline, cotrimoxazole, kapena hydrochlorothiazide wa matenda othamanga magazi. Mankhwalawa amapangitsa khungu la anthu ena kupsa msanga. Ngati muli pa mankhwala otere musawasiye panokha, kawafotokozereni a kuchipatala zimene zikukuchitikirani.

Musanathamangire kukadula tsamba la alovera

Choyamba munthu achoke padzuwa, alowe m'nyumba kapena pamthunzi weniweni. Kupsa kumayamba kuonekera patapita maola awiri mpaka 6, ndipo ululu umafika pachimake pakatha pafupifupi tsiku lathunthu. Ndiye ngati mwana wabwera masana ali wofiira pang'ono, dziwani kuti usiku ukubwerawo zinthu zikula. Musadikire kuti alire.

Muziziritse khunguli ndi madzi. Madzi a mumtsuko ndi abwino kwambiri pa ntchito imeneyi, chifukwa ndi ozizira bwino koma osabaya. Viikani chitenje choyera kapena kansalu kofewa, finyani pang'ono, yalani pamalo opsawo kwa mphindi 10 kapena 15, chikafunda viikaninso. Ngati ndi msana wonse, asambe madzi ozizira osadzikhula ndi chinkhupule, sopo achepetse. Pomupukuta muzingoguguda nsalu pang'onopang'ono. Madzi oundana a mufiriji musawaike mwachindunji pakhungu lopsa, amaliwononganso. Mwana wamng'ono musamuziziritse mpaka kuyamba kunjenjemera.

Mpatseni madzi akumwa ambiri, chifukwa khungu lopsa limakoka madzi m'thupi ndipo munthuyo wataya kale ena ndi thukuta. Ngati akuoneka wofooka, msungunulireni paketi ya madzi a mchere ndi shuga ya kuchipatala monga zalembedwera. Popanda paketi, thirani masupuni aang'ono 6 a shuga, osasefukira, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere m'lita imodzi ya madzi abwino. Mowa usakhudzidwe tsiku limenelo. Pa ululu, wamkulu angamwe paracetamol wa 500 mg, piritsi limodzi kapena awiri, osapitirira kanayi patsiku. Ibuprofen amathandizanso kutupa koma amwedwe munthu atadya, ndipo si wa amayi oyembekezera, a zilonda za m'mimba kapena a matenda a impso. Mwana asapatsidwe aspirin.

Apa ndi pamene agogo amatulukira ndi botolo la Vaseline m'manja n'kunena kuti, "Tabwera naye kuno mdzukulu wangayo ndim'dzoze, afewe." Ayankheni mwaulemu kuti, "Agogo, tiyeni tiyambe tam'ziziritsa, mafutawo tidzam'dzoza akapola." Mafuta olemera otero amatsekera kutentha m'khungu limene langopsa kumene. N'chimodzimodzi mafuta ophikira ndi majarini. Mankhwala otsukira mano, dzira laliwisi ndi phulusa, zimene ena amapaka pa chilonda chilichonse cha moto, zimanyerenyetsa ndipo zingalowetse tizilombo.

Tsopano yang'anitsitsani kupsako pamalo owala. Alovera ndi wa khungu lofiira, lotentha, lowawa, koma losang'ambika. Ngati pali matuza akuluakulu kapena ambiri, nkhope yatupa, munthu akutentha thupi, akuzizidwa, akusanza, mutu ukumuwawa kwambiri kapena akumva chizungulire, siyani za masamba, pitani kuchipatala chapafupi. Khanda losakwana chaka likapsa, ngakhale pang'ono, likaonedwe ndi a zaumoyo. Munthu amene akuyankhula zosokonekera, wakomoka, kapena thupi lake latentha kwambiri, ameneyo moyo wake uli pangozi: mum'thire madzi, mum'kupize, ndipo munyamuke naye nthawi yomweyo.

Tsamba lake ndi liti

M'mapiri ndi m'matanthwe a m'chigawo chino mumamera zomera zambiri za mtundu wa alovera, zina za maluwa ofiira zooneka bwino nthawi yachisanu. Si zonse zimene zili zoyenera pakhungu, ndipo zina zili ndi poizoni. Alovera amene tikunena pano ndi wobzala uja wa pakhomo, amene kwawo kwenikweni ndi ku Arabia: masamba ake ndi onenepa, obiriwira motuwirako, a timinga tofewa m'mbali, ndipo maluwa ake ndi achikasu. Akakhala wamng'ono masamba amakhala ndi timadontho toyera timene timazimirira akamakula. Musamusokoneze ndi khonje. Tsamba la khonje ndi lolimba, lili ndi luzi m'kati ndi munga wakuthwa kunsonga, ndipo madzi ake amayabwa koopsa ngakhale pakhungu labwinobwino. Ngati mukukayika, funsani mwini chomera amene wakhala akuchigwiritsa ntchito, kapena chisiyeni.

Sankhani tsamba la kunja, la m'munsi, lokhwima ndi lodzaza. Masamba a pakati ndi aang'ono, mnofu wake ndi wochepa, komanso kuwadula kumawononga chomera. Sambani m'manja, tsukani mpeni, dulani tsambalo pafupi ndi tsinde.

Mukangodula, yang'anani podulapo. Muona timadontho tachikasu tikutuluka m'mphepete, pakati pa khungwa lobiriwira ndi mnofu woonekera wa m'kati. Fungo lake ndi losakoma, ndipo tikadontha pansalu timasiya banga limene limada pouma. Utomoni umenewu ndi umene ambiri amalakwitsa nawo, chifukwa amangothyola tsamba n'kupaka chilichonse chotuluka, kenako n'kumadabwa kuti mwana akudzikanda kuposa poyamba. Muli mankhwala otchedwa aloin, amene amanyerenyetsa khungu ndipo akamwedwa amatsegula m'mimba mwamphamvu. Choncho imikani tsambalo m'kapu kapena m'kambale, kodulako kuloze pansi, kwa mphindi 10 mpaka 15 kuti utomoni ukhe. Zimene zadonthazo tayani kumene ana sangafikeko, ndipo tsukani tsamba lonse ndi madzi oyera.

Pamenepa ndinenepo za kumwa, popeza masiku ano alovera akunenedwa kuti amachiza chilichonse, kuyambira shuga mpaka nkhuku za chitopa. Mu 2002 bungwe loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, la FDA, linalamula kuti alovera achotsedwe m'mankhwala otsegula m'mimba ogulitsidwa popanda chikalata cha dokotala, chifukwa opanga ake sanapereke umboni woti ndi osavulaza. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa asamwe utomoniwu, mwana asamwetsedwe. Kupsa ndi dzuwa kulibe chochita ndi kumwa alovera.

Goneketsani tsamba pa mbale yoyera kapena pa thabwa lotsuka. Dulani kachidutswa kamene mukufuna lero, kotalika ngati chala n'kokwanira nkhope ndi khosi. Chotsani timinga ta m'mbali zonse ziwiri. Lowetsani mpeni pansi pa khungwa la mbali yophwatalala, lisendeni, kenako palani mnofu ndi supuni kuchokera pa khungwa lotsalalo. Musapale kwambiri mpaka kufika pa zobiriwira, chifukwa utomoni uja umakhala pomwepo. Mnofuwu umaterera ngati therere, umathawa m'zala, ndiye gwirirani ntchito pamwamba pa mbale. Utsukeninso kamodzi m'madzi oyera kuti kachikasu kalikonse kachoke. Ukhale woonekera bwino. Ngati wada, wafiirira kapena ukununkha, tayani. Kenako uphwanyeni ndi foloko kapena kumbuyo kwa supuni mpaka ufewe.

Ngati pali firiji, ikanimo kwa mphindi zingapo kuti uzizire. Ngati palibe, vundikirani kambaleko n'kukakhazika m'beseni la madzi a mumtsuko. Mbali yaikulu ya mpumulo umene munthu amamva imachokera ku kuzizira ndi chinyezi, popeza mnofu wa alovera pafupifupi 99 peresenti ndi madzi.

Kuyesa ndi kupaka

Anthu ena thupi lawo siligwirizana ndi alovera. Pakani pang'ono m'kati mwa mkono, pamalo osapsa, dikirani ola limodzi kapena awiri. Pakatuluka zidzolo, pakayabwa kapena kutupa, tsukani ndipo musapitirize. Madzi ozizira okha akwanira. Kunena zoona kuyesa kwabwino kumafuna tsiku lathunthu, ndipo palibe amene angadikire choncho mwana akulira. N'chifukwa chake m'nyumba imene muli munthu wopsa kawirikawiri ndi bwino kuyeseratu tsiku limene ali bwinobwino, dzuwa la Okutobala lisanafike, kuti mudziwiretu. Amene amatupa kapena kuyabwa akagwira adyo ndi anyezi asamale kwambiri.

Pakani khungu likadali lonyowa pang'ono kuchokera kosamba. Tengani mnofu ndi nsonga za zala zoyera, yalani mopyapyala, osatikita. Khungu lopsa silifuna kukhulidwa ngakhale pang'ono. Pa mwana wachialubino yang'anani malo amene timaiwala: m'mphepete mwa makutu ndi kuseri kwake, kumbuyo kwa khosi pamene kolala ya yunifolomu imathera, pamwamba pa mapazi pamene zingwe za nsapato zasiya mizere yoyera pakati pa zofiira, ndi pamutu ngati wameta. Samalani m'maso. Pamilomo ya mwana wamng'ono musapakepo, chifukwa anganyambite.

Siyani ziume zokha, osaphimba ndi pulasitiki kapena bandeji. Zikauma khungu limamveka lokokana pang'ono ndipo pamatsala kakhungu konyezimira. Zikayamba kusowetsa mtendere, pukutani ndi nsalu yonyowa n'kupaka zina. Katatu kapena kanayi patsiku n'kokwanira, ndipo kupaka kwa usiku pogona n'kumene kumathandiza kwambiri, chifukwa ndi nthawi imene ululu umakula. Munthuyo agone ndi chovala chathonje chotakasuka kapena adzifunde chitenje chofewa chakale.

Thuza laling'ono limodzi kapena awiri musawaboole ndi singano kapena munga. Khungu la pamwambalo likuteteza chilonda. Pakani alovera mozungulira, osati pamwamba pake. Likaphulika lokha, tsukani ndi madzi oyera, phimbani ndi kansalu ka kuchipatala kosamata, ndipo alovera wa pakhomo asafikepo, chifukwa ngakhale mutasamba m'manja bwanji, tsamba la pabwalo silikhala lopanda tizilombo. Mukaona mafinya, kufiira kukufalikira, kapena ululu ukukula m'malo mochepa, pitani kuchipatala.

Za kusunga n'zachidule. Mnofu wopala umawonongeka msanga m'kutentha kwathu kuno. Popanda firiji ugwiritseni ntchito tsiku lomwelo. M'firiji, m'kabotolo koyera kotseka, ungakhale pafupifupi sabata. Njira yosavuta ndi kusunga tsamba losasenda pamalo ozizira, kodulako mutakulunga, n'kumadulako kachidutswa nthawi iliyonse mutataya kaye kansonga kouma.

Wa m'botolo

Amene muli mumzinda wa Tete kapena ku Moatize mungapeze alovera wa m'botolo m'mafamasi ndi m'masitolo. Musakopeke ndi chithunzi cha tsamba kutsogolo. Tembenuzani botolo muwerenge mndandanda wa zimene zilimo. Zimene zalembedwa koyambirira ndi zimene zili zambiri, ndiye alovera akhale pakati pa zoyambazo. Mukaona alcohol kapena álcool kumayambiriro, libwezereni pashelefu, chifukwa amaumitsa ndi kubaya khungu lopsa. Pewaninso onunkhiritsa kwambiri ndi amene ali ndi benzocaine, mankhwala ochititsa dzanzi pakhungu. Mtundu wobiriwira wowala uja ndi utoto chabe, mnofu weniweni ulibe mtundu. Onaninso tsiku lothera ntchito, makamaka pa mabotolo a pamsika amene akhala padzuwa miyezi.

Masiku otsatira

Patapita masiku atatu kapena kuposerapo khungu limayamba kusendeka ndi kuyabwa. Ana amakonda kulisenda, ngakhale akuluakulu zala zimawayabwa, koma lisiyeni lizigwa lokha, chifukwa la pansi likadali lanthete. Pofika apa kutentha kwatuluka, ndiye mafuta odzola osanunkhira angathandize kuposa alovera, amene amauma msanga. Vaseline wa agogo uja nthawi yake ndi ino, pamalo ouma ong'aluka. Kupsa kwapang'ono kumapola mkati mwa sabata. Nthawi yonseyi malo opsawo asaonenso dzuwa.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimafuna aliyense wobzala alovera pakhomo achidziwe. Alovera amaziziritsa, amanyowetsa, amachepetsa kuwawa kuti munthu agone, ndipo zimenezo si zochepa. Koma sabweza zimene dzuwa lawononga m'kati mwa khungu, ndipo sateteza. Kafukufuku wina amene anachitika ku Thailand mu 2005 anayesa mafuta a alovera pa anthu asanawalitsidwe ndi UV komanso atawalitsidwa, ndipo anapeza kuti sanaletse kupsa, komanso sanapoletse msanga kuposa mafuta opanda alovera. Ndiye mayi amene amapaka mwana alovera m'mawa n'kumutumiza kusukulu wopanda chipewa, poganiza kuti wam'teteza, wam'tumiza wopanda chilichonse.

Zoteteza ndi zina. Chipewa cha khonde lalikulu lozungulira, chophimba makutu ndi khosi. Kapu ya mlomo wa kutsogolo yokha imasiya makutu panja. Malaya a manja aatali ndi buluku kapena siketi yaitali, za nsalu yolukana bwino. Ikwezeni padzuwa, ngati mukuona kuwala kudutsa ndiye kuti ndi yopyapyala. Ambulera poyenda. Ntchito za padzuwa zigwiridwe m'mamawa ndi madzulo, kupewa kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko masana. Mafuta oteteza kudzuwa akhale a SPF (nambala ya pabotolo yosonyeza mphamvu yake yoteteza) 30 kapena kuposa, kwa achialubino 50 kupita m'mwamba, opakidwa mokwanira ndi kubwerezedwa pa maola awiri alionse komanso munthu akatuluka thukuta kapena akasamba. Ndi okwera mtengo, n'zoona, ndipo kumudzi sapezeka wamba. N'chifukwa chake chovala ndi mthunzi ziyenera kukhala patsogolo, ndipo ndi bwino kufunsa kuchipatala cha m'boma lanu ngati pali thandizo la mafutawa. Makolo apite okha kusukulu akapemphe aphunzitsi kuti mwana aloledwe kuvala chipewa ndi malaya aatali, ndipo asaimitsidwe pabwalo kapena kupatsidwa ntchito ya panja masana. Khanda losakwana miyezi 6 lisakhale padzuwa mwachindunji. Kumsana kwa mayi akulima, mutu ndi miyendo yake zimakhala poyera.

Kupsa kulikonse kumasiya chipsera chosaoneka, ndipo zipserazo zimaunjikana kwa zaka. Khansa ya pakhungu ndi imene imapha achialubino ambiri mu Africa muno, ochuluka asanakwanitse zaka 40, pamene ikapezeka msanga imachotseka. Imayamba ngati kanthu kosaopsa: kamalo kokhakhala kouma pamphumi, pakhutu, pamlomo wa m'munsi kapena kuseri kwa dzanja, kamene kamasendeka n'kubwereranso, kapena kachilonda kopanga nkhanambo, kutuluka magazi pang'ono, osapola. Apa m'pamene alovera angathe kuvulaza munthu, chifukwa banja limapaka miyezi ndi miyezi, kachilondako kumaoneka ngati kafewa, nthawi ikupita. Chilonda chilichonse cha pamalo owombedwa ndi dzuwa chimene chatha mwezi chisanapole, kapena chikukula, chikaonedwe kuchipatala. Mukafika, auzeni anamwino kuti chinayamba liti, mwapakapo chiyani, ndipo ngati mankhwala amene akupatsani atha chilonda chikadalipo, bwererani mukapemphe kalata yokutumizani ku chipatala chachikulu, ku Ulónguè kapena ku chipatala cha chigawo mumzinda wa Tete, kuti akachiyeze.